Abaloni wosiyira nyanja: mafunso omwe mumandifunsa pa kauntala

Pa kauntala ya kashopu kathu ka fidi ndi mbewu ya nsomba kuno ku Lusaka pali chigoba cha abaloni chooneka ngati khutu lalikulu, kunja kwake kokhakhala ngati mwala koma mkati chimang'anima buluu, girini ndi pinki. Anandibweretsera mlamu wanga woyendetsa thiraki, anachigula mu shopu ya ziboliboli ku Cape Town, ine ndimaikamo makoini a chenji. Manje aliyense wobwera kudzagula thumba la fidi amachinyamula, kuchitembenuza, kenako mafunso, makamaka ana a sukulu ophunzira za nsomba ku NRDC ndi ku UNZA, ndi alimi anzanga a madamu ku Chongwe ndi ku Kafue. Mafunso ake ndi omweomwewo, ndiye ndawalemba pamodzi.

Kodi abaloni ndi nsomba kapena ndi chiyani?

Ndi nkhono ya m'nyanja ya mchere, asayansi amati Haliotis. Chigoba ndi chimodzi chabe, chophwatalala, chili ndi mzere wa timabowo topumira ndi potulutsira zoipa. Pansi pake pali phazi limodzi lalikulu la mnofu wokhawokha, limene amagwirira pa mwala, ndipo phazi limenelo ndiye ndiwo yake. Akagwira mwala wagwira, ndi manja simungamusomphole. Masana amabisala, usiku ndiye amayenda pang'onopang'ono kukanda ndere pa miyala, kapena amatukula chigoba n'kudikira kachidutswa ka udzu wa m'nyanja kobwera ndi mafunde, kakangomukhudza amakapana ndi phazi.

Ku South Africa amamutcha perlemoen, mtundu wake ndi Haliotis midae, chigoba changachi ndi cha ameneyo. Ku Japan amati awabi, ku New Zealand paua, ku Australia kuli greenlip ndi blacklip.

Anthu amadyadi nkhono imeneyi? Akugula ndani?

Amadya, ndipo amalipira ndalama yoti inu ndi ine tingagule mbuzi. Msika waukulu ndi China ndi Hong Kong, komanso Japan, Korea, Singapore ndi kulikonse kuli anthu a ku China. Ndi chakudya cha ulemu, cha pa ukwati, cha Chaka Chatsopano chawo, chopatsa apongozi kapena bwana amene mukufuna akukumbukireni. Amagulitsidwa wamoyo, wa mufiriji, wa m'chitini ndi wouma.

Ine ndinalawa kamodzi wa m'chitini. Kutafuna kwake ngati nthutumba ya nkhuku yophika bwino, kukoma kwake sikunandidabwitse kwenikweni, buka buka wa ku Mpulungu ndimamukonda kuposa. Koma wogula si ine. A Sabata musavutike n'komwe, alibe mamba alibe zipsepse.

Ndiye "wosiyira nyanja" mukutanthauza chiyani?

Pali njira zitatu zowetera. Yoyamba ndi mathanki a pamtunda m'mbali mwa nyanja, mapampu amakoka madzi a m'nyanja usana ndi usiku, antchito amadyetsa, amatsuka mathanki, amasankha akulu ndi ang'ono, ndi mmene amachitira ku Hermanus ndi ku Gansbaai ku South Africa. Yachiwiri ndi makeji oyandama, monga timaonera bream ku Siavonga, ku China ndi ku Korea ndiyo yafala. Yachitatu ndi imene tikukambayi, azungu amati ranching. Mumaswetsa tiana pamtunda, tikakula pang'ono mumakatiika pansi pa nyanja pa miyala yachilengedwe kapena ya konkire yoikidwa dala, n'kutisiya. Palibe mpanda, palibe neti, palibe wodyetsa. Zaka zikapita madaiva, anthu omira pansi pa madzi aja, amapita kukazula amene akula.

Amene munakulira kumudzi mwamva kale. Mathanki ndi khola la broiler, ranchi ndi nkhuku ya kumudzi yofukula yokha. Kusiyana kwake n'koti abaloni sathawa patali, pamene mwamuika ngati pali chakudya ndi pobisala amakhala pomwepo, n'chifukwa chake njirayi imatheka kwa iye koma kwa nsomba zosambira imavuta.

Tiana timachokera kuti?

Ku hatchery, malo oswetsera a pamtunda, apa palibe chidule. Amasunga makolo m'mathanki, amawapangitsa kutulutsa mazira ndi umuna m'madzi, wamkazi mmodzi wamkulu amatulutsa mazira mamiliyoni. Timphutsi timasambira pafupifupi sabata imodzi osadya kanthu, kenako timatera pa mapuleti a pulasitiki omera ndere yopyapyala n'kuyamba kukanda. Pofika masentimita 3 kapena 4, ndiye kuti chaka chadutsa kale, ndi pamene amatitengera ku nyanja. Kang'ono kwambiri n'kotchipa koma kamadyedwa msanga, kokulirapo kamapulumuka koma mwakadyetsa nthawi yaitali pa thumba lanu. Mkangano wa saizi yoyenera kutulutsira uli ngati wathu uja wa mbewu ya bream, ya magalamu 2 kapena ya 10.

Phindu lake lenileni kuposa mathanki lili pati?

Choyamba fidi. Inu mumabwera pa shopu pano mwezi ndi mwezi, mukudziwa kuti pa ndalama zonse zolowa m'damu zoposa theka zimathera m'matumba amene ndimakugulitsaniwa, soya akakwera kapena kwacha ikagwa mumandiyang'ana ngati ndine ndakweza. Wa abaloni wa m'mathanki naye ali pa vuto lomwelo, amagula mapeleti, kapena amatuma anthu kukadula kelp, udzu wautali wa m'nyanja uja, matani ndi matani, n'kuututa ndi mathiraki, ndipo bream mumadyetsa miyezi 6 kapena 8 koma abaloni amakula masentimita 2 kapena 3 pa chaka, ndiye mumadyetsa zaka 3, 4, mwina 5 musanagulitse olo mmodzi. Tangoganizani kudyetsa chiweto zaka 4.

Ku ranchi bilu imeneyo imatha tsiku lotulutsa tiana. Mafunde amabweretsa udzu woduka, ndere imamera yokha pa miyala. Antchito otsuka mathanki kulibe, malo aakulu a m'mbali mwa nyanja, omwe amakhala odula chifukwa mahotela nawo amawafuna, simukuwasowa kupatula pa hatchery pokha. Koma musathamange, pali bilu ina imene imalowa m'malo mwake, onani funso la akawalala pansipa.

Nanga malaiti?

Apa ndiye anthu a ku Lusaka safuna kufotokozeredwa zambiri. Chaka cha 2024 madzi atatsika ku Kariba tinkakhala maola 17 ndi kupitirira opanda malaiti. Ine usiku wina jeniseti inatha dizilo cha m'ma 2 koloko, mnyamata wolondera ali m'tulo, kampweya ka m'thanki kanaima, m'mawa ndinapeza tiana ta bream tayandama mimba m'mwamba, toyera ngati wina wathira mpunga pamadzi. Ndinatiwola ndi sefa ya kukhitchini.

Famu ya abaloni ya pamtunda ndi thanki yangayo kuchulukitsa kambirimbiri. Madzi ayenera kuyenda nthawi zonse, ozizira, a mpweya wokwanira, pampu ikaima maola ochepa chabe katundu wa zaka 4 ali pa ngozi. Magetsi ndi imodzi mwa mabilu awo aakulu, ndipo nthawi imene South Africa inali pa load shedding yoopsa mu 2022 ndi 2023 mafamu ankawotcha dizilo wosaneneka. Ku ranchi pampu ndi mafunde, sazima, salipiritsa. Kwa ine ili ndiye phindu losatsutsika pa onse.

Ndi zoona kuti wa ku ranchi amadula kuposa wa m'thanki?

Nthawi zambiri inde, pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi chija cha nkhuku ya kumudzi. Ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka mayi wogulitsa akakuuzani mtengo wa nkhuku ya kumudzi simutsutsa kuti bwanji broiler ndi yotchipa, mumadziwa kuti msuzi wake ndi wina. Abaloni wokulira pansi pa nyanja, wolimbana ndi mafunde, wodya udzu wamitundumitundu, ogula amamuwerengera pamodzi ndi wakutchire, uja wobadwira m'nyanja osawetedwa, pa maonekedwe, pa kulimba kwa mnofu ndi pa kakomedwe, ndipo wakutchire ndi amene akusowa padziko lonse.

Chachiwiri ndi kukula. Ku Hong Kong abaloni wouma amamuwerenga ndi "mitu", kutanthauza kuti angati akwana mu catty imodzi, sikelo yawo ya magalamu pafupifupi 600. Wa mitu 30 ndi tating'ono, wa mitu 10 ndi wamkulu, wa mitu 2 kapena 3 ndi wosowa kwambiri ndipo mtengo wake sukwera pang'onopang'ono, umalumpha. Kumbukiraninso kuti akauma amatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake ali wamoyo ndi chigoba, ndiye kuti mupeze wouma wamkulu pafunika chinkhono chenicheni. Wa mathanki kuti akafike pamenepo ndiye kuti alipire fidi ndi magetsi zaka zinanso zingapo, ambiri amatopa n'kugulitsa akadali ang'ono. Wa ku ranchi akhoza kumusiya chaka china osataya zambiri, daiva akaona kuti uyu sanakwane amangomudutsa, ndipo mtengo ukagwa pa msika akhoza kuchepetsa kukolola n'kudikira, pamene wa mathanki katundu akamuchulukira amasowa pomuika.

Koma China imatulutsa abaloni wambirimbiri, ena angapikisane nayo bwanji?

Pa kuchuluka palibe angayese. Pa abaloni 10 aliwonse owetedwa padziko, 8 kapena 9 ndi a ku China, makamaka chigawo cha Fujian, matani opitirira 200,000 pa chaka. Anafika poti nthawi yotentha amakweza abaloni m'zombo kupita nawo kumpoto ku Shandong kumadzi ozizira, kukazizira amawabwezera kummwera. Korea ndi yachiwiri, kuzungulira Wando. South Africa, yomwe ndi yaikulu kuno kwathu, imatulutsa matani masauzande ochepa chabe.

Ndiye abaloni wamng'ono wa m'keji anatchipa, ku China anthu wamba amadya. Ukalowa msika umenewo ndi mathanki ako a magetsi odula wagwa kale, ndipo zaka zaposachedwapa mafamu a ku South Africa alira ndi kutsika kwa mitengo. Chimene ranchi imachita ndi kuchoka pa mpikisano umenewo n'kukagulitsa chinthu chimene keji singapange mosavuta, wamkulu, wa mtundu wosowa, wooneka wakutchire. Osati kuti mtengo wake sugwa, chuma cha ku China chikazizira maphwando amachepa ndipo onse amamva kuwawa, koma amene ali ndi mabilu ochepa a mwezi ndi mwezi ndiye amapirira nthawi yaitali.

Zikuchitikadi kuti, kapena ndi za m'mabuku?

Chitsanzo chotchuka chili ku Flinders Bay, pafupi ndi tauni ya Augusta ku Western Australia. Kampani yake inkatchedwa Ocean Grown Abalone, manje ndi Rare Foods Australia, anaiyambitsa Brad Adams amene anali daiva wa abaloni. Pansi pa nyanja pamenepo panali mchenga, udzu woyandama wambiri koma miyala yogwirapo kulibe. Iwo anaumba zinthu za konkire zolemera makilo pafupifupi 900 chimodzi, anazitcha Abitat, anamiza 5,000 kenako n'kufika cha m'ma 10,000, chilichonse chokwana abaloni mahandiredi angapo. Tiana ta greenlip timachokera ku hatchery ya ku Bremer Bay, madaiva amatiika, pakapita zaka 2, 3 kapena kupitirira amakazula. Anthu ake ndi ochenjeranso, pa malo omwewo amamizapo mabotolo a vinyo kuti akhwimire pansi pa nyanja n'kugulitsa modula.

Ku South Africa boma linapereka malo oyesera ku Cape Recife pafupi ndi Gqeberha, kumene akuba anali atasesa pafupifupi zonse, komanso ku Northern Cape cha ku Port Nolloth, Kleinzee ndi Hondeklip Bay, kumene kelp ndi wambiri koma perlemoen sankapezekako mwachilengedwe. Ku Japan ndiye anayamba kalekale, makopaletivu a asodzi amatulutsa tiana mamiliyoni chaka ndi chaka m'madera awo, ndipo ndi iwo okha ololedwa kukolola pamenepo.

Wogula adziwa bwanji kuti uyu ndi wa ku ranchi, si wobedwa kutchire?

Chigoba chimasunga mbiri. Mtundu wa chigoba umatsatira chimene nkhono ikudya, ndiye kamene kanakulira ku hatchery kamakhala ndi kachigamba kobiriwira kapena kotuwa kunsonga, kumene chigoba chinayambira, ndipo kachigambako sikafufutika olo patapita zaka. Ku Japan ndi mmene amawerengera kuti pa zimene asodzi agwira zotulutsidwa ndi zingati. Masiku ano amayezanso DNA kufananiza ndi makolo a ku hatchery.

Zina ndi mapepala. Ranchi ya ku Flinders Bay inalandira chizindikiro cha MSC mu 2022, chija cha buluu chimene amaika pa nsomba zakutchire zogwidwa mosamala. Hotela yaikulu kapena supamaketi yoopa kunyozedwa kuti ikugulitsa katundu wobedwa imalipira kuti ipeze zotere, kukoma kwa kutchire koma ndi risiti yoyera. Ili ndi phindu limene wosodza kutchire wamba alibe, ndipo wa mathanki ali ndi risiti koma alibe dzina la kutchire.

Matenda ndi ngozi zina, ku nyanja kuli bwino kuposa m'thanki?

Mbali ina inde. Pothithikana ndiye matenda amathamanga, alimi a nkhuku mukudziwa chitopa. Ku Victoria ku Australia kachilombo kogwira mitsempha ya abaloni kanaonekera m'mafamu cha kumapeto kwa 2005, kanafalikira kutchire n'kupha ambiri m'mbali mwa gombe. Ndipo kumayambiriro kwa 2017 madzi ofiira, ndere ya poizoni yochuluka mwadzidzidzi ija, anafika ku Hermanus, mapampu anakokera poizoniyo m'mathanki, abaloni mamiliyoni anafa.

Mbali ina ayi. M'thanki ukhoza kusefa madzi, kutseka pampu kwa kanthawi, kupatula odwala. Pansi pa nyanja ulibe chochita. Mu 2011 madzi anatentha modabwitsa ku Western Australia, abaloni a mtundu wa Roe's cha ku Kalbarri anafa pafupifupi onse, ndipo amenewo anali akutchire, ozolowera malo awo. Namondwe akhoza kukwirira miyala ndi mchenga. Ndiye ngozi sizichoka, zimangosintha nkhope.

Pa tiana timene mwatulutsa, timapulumuka tingati?

Si tonse, ndipo masabata oyamba ndiwo oopsa. Kamene kakulira m'thanki sikadziwa mdani, kamayenda poyera masana. Nkhanu, okitopasi wa miyendo 8 uja, nsomba za mano olimba, malobusitala, zonse zimadikira. Chiwerengero chimasiyana kwambiri malo ndi malo, n'chifukwa chake kusankha malo ndi theka la bizinesi yonse, pakhale ming'alu yobisalamo, chakudya chobwera ndi mafunde, madzi ozizira osakwera kwambiri kupitirira madigiri 20.

Kukolola nakonso kumafuna dzanja lofatsa. Magazi a abaloni saundana, mukamucheka pang'ono ndi chitsulo chozulira amataya magazi mpaka kufa, ndiye daiva amalowetsa chitsulo chophwatalala chosathwa msangamsanga asanagwire mwala. Madaiva otere salipidwa ngati wa piece work, ndipo nyanja ikakwiya boti silituluka, oda ya kasitomala idikire.

Nanga akawalala? Chinthu chopanda mpanda sangabe?

Ili ndiye funso lenileni, ndipo amene amalifunsa msanga ndi amene anabedwapo nsomba m'damu usiku ndi neti ya udzudzu. Zonse ndakamba pamwambapa, fidi yaulere, pampu ya mafunde, mtengo wa wamkulu, zimagwira ntchito ngati wokolola ndi amene anabzala. Apo ayi mwangodyetsera anzanu.

Ku South Africa nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Bungwe la TRAFFIC, lofufuza malonda a nyama zakutchire, mu 2018 linawerengera kuti pakati pa 2000 ndi 2016 perlemoen pafupifupi 96 miliyoni anabedwa. Boma linaletsa kusodza kwachisangalalo mu 2003, linatseka ndi kwa malonda komwe mu 2008 n'kutsegulanso mu 2010, linamuika pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zosowa, mu 2007 n'kumuchotsa mu 2010, koma kuba sikunaime. Ndi magulu okonzeka bwino, maboti othamanga, madaiva a usiku, nyumba zoumitsira mobisa, ndipo malipiro ena amabwera ngati mankhwala ozunguza bongo. Kumbuyo kwake kuli midzi ya asodzi osauka amene amaona kuti nyanja ya makolo awo inapatsidwa kwa ena, ndiye kungowatcha akuba sikuthetsa kanthu. Bungwe la IUCN, loona za chilengedwe padziko lonse, linaika perlemoen pa gulu la zamoyo zimene zili pa ngozi yotha.

Ndiye ranchi ya ku Cape Recife inayenera kulemba alonda akeake, maboti olondera, anthu oyang'ana gombe usana ndi usiku, ndalama imene inapulumuka pa fidi ikupita kumeneko. Ku Northern Cape chowathandiza n'choti gombe lake ndi la migodi yakale ya dayamondi, anthu ndi ochepa, njira zolowera n'zowerengeka. Ku Australia malamulo amaluma ndipo ranchi ili pa malo amene boma linabwereketsa kampani mwalamulo. Ku Japan mudzi wonse ndi mwini wake, mlendo akangoyandikira ndi boti aliyense wamuona. Ine ndimaona kuti phindu la ranchi silili mu nkhonoyo ayi, lili pa pepala lonena kuti malo awa ndi a uje, ndi anthu oyandikana nawo amene akudyapo moti sangalole wina kudzasesa.

Ndalama imabwerera pakapita nthawi yaitali bwanji?

Werengani nokha, chaka ndi kanthu ku hatchery, zaka zingapo pansi pa nyanja, musanawerenge zaka zopempha chilolezo ndi kuyesa malo. Ngongole ya ku banki ya chiwongoladzanja chathu chino singadikire zimenezo. Kampani ya ku Augusta ija inachita kukalowa pa msika wa masheya wa ku Australia mu 2017 kuti ipeze ndalama zokulitsira. Palinso kovuta kena, katundu wa m'thanki bwana wa inshuwalansi akhoza kubwera n'kumuwerenga, wa pansi pa nyanja amadalira zimene madaiva anena.

Kodi siziwononga chilengedwe?

Poyerekeza ndi ulimi wina wa m'madzi, zochepa. Palibe fidi yotsalira yowolera pansi, palibe mankhwala othira, ndipo pa konkire paja pamabwera nsomba zina kudzakhala. Kumene abaloni anatha, otulutsidwawo amaswananso, ndipo izi n'zofunika chifukwa amaswana pomwaza mazira ndi umuna m'madzi, akatalikirana kwambiri sizikumana olo atakhalapo.

Zoopsa zilipo ziwiri. Kutulutsa tiana todwala, onani za ku Victoria pamwambapa, ndi kutulutsa tiana ta makolo ochepa kapena ochokera dera lina n'kusokoneza mtundu wa pamalopo. Ndipo nyanja ili ndi zake zosayembekezeka, cha ku Hermanus malobusitala atachuluka anadya tinyama taminga tokhala ngati kanungu timene tiana ta perlemoen timabisala pansi pake, tiana n'kutsala poyera. Ife tomwe tili ndi phunziro lathu, crayfish wa ku Australia amene wadzaza mu Kafue ndi ku Kariba, asodzi akulira maneti ndi nsomba zodyedwa zili mu neti.

Ku Zambia kuno tingawete? Ku Kariba, kapena kuthira mchere m'damu?

Ayi. Amafuna madzi a m'nyanja enieni, mchere wa magalamu pafupifupi 35 pa lita, ozizira, oyenda, ndi udzu wa m'nyanja. Kariba ndi madzi opanda mchere ndiponso ofunda. Thumba la mchere wa ku Soweto silipanga nyanja. Kufupi kwathu kumene amaweta ndi ku South Africa ndi ku Lüderitz ku Namibia. Wina akakuuzani kuti ikani ndalama mu projekiti ya abaloni ku Chisamba, gwirani thumba lanu.

Koma nzeru yake si yachilendo kwa ife. Kapenta wa ku Kariba si wa kumeneko, anamutenga ku Tanganyika mu 1967 ndi 1968 n'kumutulutsa cha ku Sinazongwe, anaswana yekha, amadya yekha, lero Lusaka yonse ikudya. Kusiyana kwake n'koti kapenta alibe mwini, aliyense wa rig, boti lija lophera kapenta, amakokera kwake ndipo marig anachuluka kuposa nsomba. Amene mukuganiza zothira mbewu ya bream m'madamu a m'midzi ku Eastern kapena ku Southern n'kuisiya idzidyere, bwererani ku funso la akawalala, mukambirane kaye ndi amfumu ndi a Fisheries ku Chilanga za amene adzakolole musanagule olo kamwana kamodzi kwa ine.

Nanga bwanji dzina la Zambia limamveka pa nkhani za abaloni?

Chifukwa m'mabuku a kasitomu a ku Hong Kong muli abaloni wouma wolembedwa kuti wachokera ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Mozambique, pamene Zambia ndi Zimbabwe tilibe olo mita imodzi ya nyanja ya mchere. Ndi perlemoen wobedwa ku South Africa, amamuumitsa, amamudutsitsa malire mobisa, akafika dziko limene malamulo ake satchula n'komwe za abaloni amamupezera mapepala atsopano n'kumukweza ndege ngati katundu wabwinobwino. Katundu ameneyu ndi amene amagwetsa mtengo wa oweta mwachilungamo, chifukwa wakuba sanalipire hatchery, sanalipire daiva wa laisensi, sanalipire mlonda.

Wina wandipempha ndimunyamulire mabokosi a "nsomba youma" kuchokera ku Joburg, ati ndalama yabwino. Ndivomere?

Funso ili amafunsa ndi madalaivala, motsitsa mawu, ena atachoka pa kauntala. Tsegulani bokosi muone. Abaloni wouma amaoneka ngati timabanzi tolimba tabulauni, tozungulira motalika pang'ono, tolimba ngati mwala, ndipo fungo lake ndi lamphamvu moti olo atakulunga mu pulasitiki kangapo limatulukabe, agalu a pa boda amaphunzitsidwa fungo limenelo. Ku South Africa kupezeka naye wopanda chilolezo ndi mlandu wa ndende, thiraki amalanda, ndipo mwini katundu foni yake idzakhala yozima tsiku limenelo. Wovomerezeka amayenda ndi chilolezo cha boma la South Africa, dzina la famu ndi la fakitale youmitsira, ndipo kawirikawiri amakwera ndege kapena chombo kuchokera komweko, alibe chifukwa chozungulira pa Beitbridge ndi Chirundu pansi pa matumba a anyezi.

Mlamu wanga anafunsidwapo kamodzi pa malo ogona mathiraki. Anati anayang'ana envelopu, anayang'ana chithunzi cha ana ake chomata pa dashibodi, n'kunena kuti thiraki yadzaza. Chimene anabwera nacho ndi chigoba chopanda kanthu chomwechi, muli ma K1 ndi ma 50 ngwee, mukachinyamula muzibweza makoini anga.